Mayina achilendo m'zotsatira za WHOIS: kumene amachokera ndi njira yothetsera vutoli

Vutoli limayamba pa ntchito yaing'ono kwambiri. Munthu amene amayang'anira webusaiti ya bungwe, ya sukulu kapena ya bizinesi amatsegula terminal (pulogalamu yolembamo malamulo) pa kompyuta yake n'kulemba lamulo la whois, lofunsira zolembedwa za mayina a pa intaneti, pamodzi ndi dzina la domeni (dzina la pa intaneti monga google.com), n'cholinga chongoona tsiku limene dzinalo lidzathere ntchito kapena kampani imene inalilembetsa. M'malo mwa yankho limodzi lomveka bwino, pamatuluka mndandanda wautali wa mayina a zilembo zazikulu, onse oyamba ndi dzina limene wafunsalo, koma opitirira ndi mawu ena: ena otsatsa malonda, ena onyoza, ena olaula, ndipo ena odzitama kuti alanda domeniyo. Amene akhala akufufuza mayina otchuka monga google.com, microsoft.com ndi apple.com pogwiritsa ntchito mapulogalamu akale a whois aziona zimenezi kwa zaka zambiri. Maonekedwe ake amakhala otere, ngakhale kuti pano ndagwiritsa ntchito mayina amene anapatulidwa kuti azikhala achitsanzo chabe:

GOOGLE.COM.GULANI.MANKHWALA.KUNO.EXAMPLE.NET
GOOGLE.COM.TALANDA.DZINA.ILI.EXAMPLE.COM
GOOGLE.COM

Woona zimenezi koyamba amaganiza kuti akuba a pa intaneti alowa m'kaundula wa mayina, kapena kuti kompyuta yake yagwidwa ndi vairasi imene ikusokoneza zotsatira. Nthawi zambiri zonse ziwirizi si zoona, ndipo domeni imene yafunsidwayo imakhala ili bwinobwino. Komabe sindikufuna kuti mungokhulupirira mawu angawa n'kutseka terminal, chifukwa pali mtundu wina wa dzina lachilendo umene ndi woopsadi, ndipo munthu amene wazolowera kunyalanyaza chilichonse chodabwitsa m'zotsatirazi angathe kuudutsa osauzindikira. Chofunika ndi kudziwa kusiyanitsa ziwirizi.

Yambani ndi kuwerenga dzinalo kuchokera kumanja

Dzina lililonse la pa intaneti lili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amadziwika ndi zigawo za kumapeto kwa dzinalo, osati za koyambirira. M'dzina lakuti GOOGLE.COM.GULANI.MANKHWALA.KUNO.EXAMPLE.NET, chigawo chomaliza ndi NET, chotsatira kumanzere kwake ndi EXAMPLE, kutanthauza kuti dzina lonseli ndi nthambi ya example.net ndipo lili m'manja mwa amene analembetsa example.net. Zonse zimene zili kumanzere kwa pamenepo, kuphatikizapo mawu akuti GOOGLE ndi COM, ndi zigawo zimene mwiniyo anangodzisankhira, pakuti malamulo a DNS, dongosolo limene limalumikiza mayina ndi maadiresi a makompyuta pa intaneti, amalola mwini domeni kupanga nthambi za dzina lililonse limene akufuna, bola chigawo chimodzi chisapitirire zilembo 63 ndipo dzina lonse lisapitirire zilembo 253. Munthu angathe kutcha mbuzi yake dzina la mfumu, koma mbuziyo imagonabe m'khola mwake ndipo mfumuyo sinalandidwe kalikonse.

Choncho musanachite china chilichonse, yang'anani kumapeto kwa mzere uliwonse wokayikitsa. Ngati dzina la domeni yanu lili koyambirira ndipo kumapeto kuli domeni ya munthu wina, mzerewo si wanu, sukhudza webusaiti yanu, ndipo sungathe kupatutsa ngakhale imelo imodzi yopita kwa inu.

Chifukwa chake mayinawa amatuluka mukafunsa za domeni yanu

Kuti zimenezi zimveke pafunika kudziwa pang'ono za mmene WHOIS inapangidwira. Ndi njira yakale kwambiri: inalongosoledwa m'chikalata cholongosola njira za intaneti cha RFC 812 mu 1982, n'kukonzedwanso mu RFC 954 mu 1985 ndi mu RFC 3912 mu 2004, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. Pulogalamu yanu imalumikizana ndi seva pa port 43 (nambala ya khomo lolowera ku seva), imatumiza mzere umodzi wa mawu, seva imayankha ndi mawu ake n'kutseka kulumikizanako. M'zikalatazi mulibe lamulo limene limanena mmene funso liyenera kulembedwera kapena mmene yankho liyenera kusanjidwira, moti seva iliyonse imamasulira funso mwa njira yake. Izi zinali zokwanira pamene ogwiritsa ntchito netiweki anali ochepa ndiponso odziwana, koma zinasiya mpata waukulu intaneti itakula.

Kaundula wa .com ndi .net amasungidwa ndi kampani ya Verisign, ndipo seva yake ya WHOIS ndi whois.verisign-grs.com. M'kaundula ameneyu simuli madomeni okha ayi. Mulinso zolemba za makampani amene amalembetsa mayina, komanso zolemba za ma nameserver, amene ndi maseva ouza dziko lonse adiresi ya IP (nambala yodziwira kompyuta pa intaneti) imene dzina lililonse likulozako. Pano ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukatumiza mawu akuti google.com popanda kunena mtundu wa chimene mukufuna, kwa zaka zambiri seva imeneyi inkafufuza m'mitundu yonseyi n'kubweza chilichonse chimene dzina lake likuyamba ndi mawu amene mwatumizawo. Domeni yeniyeni inkakhala imodzi yokha pa mndandandawo, kawirikawiri kumapeto, ndipo zina zonse zinkakhala ma nameserver a anthu ena.

Mungafunse kuti n'chifukwa chiyani kaundula amalola munthu wamba kulembetsa nameserver. Yankho ndi lakuti sangachitire mwina. Taganizirani domeni ya example.com imene nameserver yake ndi ns1.example.com. Kuti kompyuta ipeze adiresi ya example.com iyenera kufunsa ns1.example.com, koma kuti ipeze ns1.example.com iyenera kudziwa kale za example.com, ndipo ingangozungulira pomwepo mpaka kalekale. Pofuna kudula mzungulirewu, kaundula amasunga dzina la nameserver pamodzi ndi adiresi yake ya IP, ndipo cholembedwa chimenechi akatswiri amachitcha glue record. Mwini domeni aliyense ali ndi ufulu wopanga zolembedwa zotere pansi pa domeni yake kudzera m'kampani imene anaguliramo dzinalo, kawirikawiri popanda kulipira ndalama yapadera, ndipo kampaniyo imatumiza pempholo ku kaundula kudzera mu njira ya EPP, imene makampani olembetsa amagwiritsa ntchito polankhula ndi kaundula. Kaundula safufuza ngati pa adiresiyo palidi seva yogwira ntchito, kapena ngati dzinalo lili ndi tanthauzo loyenera. Anthu atazindikira zimenezi anayamba kulembetsa ma nameserver onamizira oyamba ndi mayina otchuka, podziwa kuti aliyense wofufuza dzina lotchukalo adzawerenganso uthenga wawo. Palibe chitseko chimene anathyola. Anangogwiritsa ntchito khomo limene lili lotsegukira aliyense.

Ichi ndi chifukwa chakenso vutoli limachuluka pa mayina odziwika kwambiri ndipo silioneka kawirikawiri pa domeni ya bizinesi yaing'ono. Wotsatsa amafuna pamene pamadutsa anthu ambiri. Ngati mwaona dzina la domeni yanu yaing'ono litachitidwa chonchi, n'kutheka kuti pali wina amene ali nanu chifukwa kapena akufuna kukuopsezani, koma ngakhale zili choncho mphamvu yake pa domeni yanu ndi yomweyo, ndiye kuti palibe.

Funsani funso lolunjika

Njira yothetsera vutoli ndi kuuza seva mtundu wa cholembedwa chimene mukufuna. Seva ya Verisign imamva mawu atatu otsogolera funso: domain, nameserver ndi registrar. Pa Linux kapena macOS lembani motere:

whois -h whois.verisign-grs.com "domain google.com"

Zizindikiro zotsekera mawuzo n'zofunika, chifukwa zimachititsa kuti mawu awiriwo apite ku seva ngati funso limodzi. Yankho lake likhala cholembedwa chimodzi chokha, chosonyeza kuti dzinali linalembetsedwa pa 15 September 1997, kuti kampani yolembetsa ndi MarkMonitor, ndiponso kuti ma nameserver ake ndi ns1.google.com mpaka ns4.google.com. Mukaika dzina la domeni yanu m'malo mwa google.com mudzaona zanu mofananamo, popanda zinyalala zija.

Ngati mukufuna kudzitsimikizira nokha kuti mizere yachilendo ija ndi ma nameserver, tengani umodzi mwa iyo n'kuufunsa paokha, mutatsogoza mawu akuti nameserver. Mudzaona kuti yankho likuyamba ndi Server Name osati Domain Name, ndipo kawirikawiri likutsatiridwa ndi adiresi ya IP ndi dzina la kampani yolembetsa imene si yanu. Ndikulimbikitsa kuti muchite zimenezi ngakhale kamodzi kokha, makamaka ngati muyenera kukafotokozera abwana anu kapena kasitomala amene waona mndandandawo n'kuchita mantha, pakuti mawu awiri akuti Server Name amathetsa mkangano msanga kuposa kufotokoza kwautali. Palinso chizindikiro cha = chimene mukachiika patsogolo pa dzina, seva imaonetsa tsatanetsatane wa zolembedwa zonse zimene zagwirizana ndi funsolo; chimenechi n'chothandiza pofufuza, koma sichichotsa zinyalala, chimangozitambasula.

Mapulogalamu a whois amasiyana. Ambiri atsopano amadziikira okha mawu otsogolera akamalankhula ndi seva ya Verisign, n'chifukwa chake anthu awiri angathe kulemba lamulo lofanana pa makompyuta awiri, wina n'kuona zinyalala, wina osaziona. Kusiyana kumeneku sikutanthauza kuti kompyuta imodziyo ili ndi vairasi. Ngati pulogalamu yanu ndi yakale ndipo vutoli limabwerezabwereza, ikani pulogalamu ya whois yatsopano kuchokera ku nkhokwe ya mapulogalamu ya Linux imene mukugwiritsa ntchito. Windows sibwera ndi lamulo la whois, koma Microsoft imapereka kapulogalamu ka dzina lomweli m'gulu la zida za Sysinternals. Ndipo ngati mukukayikira kuti pulogalamu yanu ikusintha funso mwa njira imene simukuidziwa, lumikizanani ndi seva mwachindunji polemba telnet whois.verisign-grs.com 43, kenako lembani funso lanu n'kudina Enter. Chimene chituluke ndi yankho la seva lenileni, lopanda wolikonza pakati.

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza anthu pa .com ndi .net. Kaundula wa Verisign sasunga zambiri za mwini domeni. Amangosunga dzina, masiku, ma nameserver, mkhalidwe wa domeniyo ndi kampani imene inalilembetsa. Zotsalazo zimakhala ku kampani yolembetsa, ndipo mzere wa Registrar WHOIS Server umasonyeza seva yoyenera kuifunsa kachiwiri. Pulogalamu ya whois imayesa kutsatira mzere umenewu yokha, koma ikalandira zolembedwa zambiri nthawi imodzi ingathe kutola seva ya cholembedwa choyamba, chimene ndi cha wotsatsa malonda uja, n'kukafunsa ku kampani yolakwika. Zikatero mumalandira yankho lakuti dzinalo silikupezeka, kapena mumaona dzina la kampani imene simunachite nayo malonda n'kale lonse, n'kuyamba kuganiza kuti domeni yanu yasamutsidwa mwachinyengo. Funso lolunjika lija limathetsanso chisokonezo chimenechi.

Tsimikizirani ndi DNS, osati ndi WHOIS yokha

WHOIS ndi buku longofotokoza. Siyendetsa alendo a webusaiti yanu. Chimene chimasankha kumene alendo ndi maimelo apite ndi DNS, choncho umboni womaliza wakuti zinthu zili bwino uyenera kuchokera kumeneko. Funsani mwachindunji imodzi mwa maseva a .com motere:

dig @a.gtld-servers.net example.com NS

Pa Windows mungagwiritse ntchito nslookup -type=NS pamodzi ndi dzina la domeni yanu. Yerekezani ma nameserver amene atulukewo ndi amene ali pa mizere ya Name Server m'cholembedwa cha domeni yanu, ndiponso ndi amene kampani yosunga webusaiti yanu inakupatsani. Zitatuzi zikagwirizana, nkhani yatha, ndipo mayina achilendo aja angathe kukhala m'kaundula zaka khumi popanda kukuvulazani. Lamulo la dig +trace limaonetsa ulendo wonse kuchokera ku maseva a pamwamba penipeni mpaka ku domeni yanu, ndipo n'lothandiza pamene mukukayikira kuti seva ya kampani yanu ya intaneti ikusungabe yankho lakale.

Pamene dzina lachilendo lili loopsadi

Zonse zimene tanena pamwambapa zikukhudza mayina amene amatuluka pambali pa cholembedwa chanu. Nkhani imasintha kotheratu ngati dzina lachilendo lili mkati mwa cholembedwa cha domeni yanu, mutafunsa kale funso lolunjika. Ngati pa mzere wa Name Server pali seva imene simukuidziwa, ngati mzere wa Registrar ukusonyeza kampani ina, kapena ngati Updated Date ikusonyeza tsiku laposachedwa pamene inu kapena anzanu a pa ntchito simunasinthe kalikonse, musazengereze. Lowani mu akaunti yanu ku kampani yolembetsa, sinthani mawu achinsinsi a akauntiyo ndi a imelo imene inalumikizidwa nayo, yatsani njira yotsimikizira kawiri polowa, bwezerani ma nameserver oyenera, ndipo dziwitsani kampaniyo mwa kalata kuti pakhale umboni wa tsiku limene munadandaula. Ngati simukuthanso kulowa mu akauntiyo, lankhulani ndi kampaniyo tsiku lomwelo muli ndi malisiti a malipiro ndi zikalata zosonyeza kuti ndinu eni ake, chifukwa domeni imene yasamutsidwira ku kampani ina imavuta kwambiri kuibweza nthawi ikamapita.

Yang'ananinso mizere ya Domain Status. Mawu akuti clientTransferProhibited ndi abwino, chifukwa akutanthauza kuti domeniyo ndi yokhomedwa kuti isasamutsidwe popanda inu kuitsegula, ndipo ngati palibe ndi bwino kupempha kuti aikidwe. Mawu akuti clientHold kapena serverHold ndi ena: akutanthauza kuti domeniyo yachotsedwa mu DNS, ndipo webusaiti ndi maimelo sizigwira ntchito mpaka chifukwa chake chitakonzedwa.

Pali mtundu umodzi wa dzina lachilendo pa mzere wa Name Server umene suchokera kwa wakuba, koma umatsegulira akuba njira, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri oyang'anira mawebusaiti saudziwa. Tiyerekeze kuti domeni yanu imagwiritsa ntchito nameserver ya kakampani kena kosunga mawebusaiti, ndipo kakampaniko kagwa, domeni yake n'kutha ntchito. Malamulo a EPP salola kufufuta domeni imene pansi pake pali nameserver yolembetsedwa, ndiponso salola kufufuta nameserver imene madomeni ena akuidalirabe. Pofuna kumasula domeni yakufayo, makampani ena olembetsa amangosintha dzina la nameserver ija kukhala dzina lina lopeka, la zilembo ndi manambala osamveka, lomwe lili pansi pa domeni ya mtundu wina. Kusinthaku kumafika ku madomeni onse amene ankaidalira, kuphatikizapo yanu, inu osauzidwa. Choopsa n'chakuti ngati domeni ya dzina latsopanolo ilibe mwini, aliyense angathe kuigula, n'kuikapo seva yake, n'kuyamba kuyankha mafunso a DNS m'dzina la domeni yanu. Ndipo ngati muli ndi nameserver ina imene ikugwirabe ntchito, webusaiti yanu imaoneka ngati ili bwino, moti vutolo lingathe kukhalapo nthawi yaitali osazindikirika. Mankhwala ake ndi apafupi: chotsani nameserver yachilendoyo mu akaunti yanu n'kuikapo ina ya kampani imene ikugwira ntchito. Chovuta ndi kuzindikira kuti ilipo, n'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga mizere ya Name Server nthawi iliyonse imene mukulipira domeni yanu.

Mapulogalamu odziyendera okha

Vuto la mayina onamizira limapweteka kwambiri pamene wowerenga zotsatira si munthu koma kapulogalamu. Oyang'anira maseva ambiri amalemba timapulogalamu toyendera madomeni awo usiku uliwonse n'kutumiza chenjezo tsiku lotha ntchito likayandikira. Kapulogalamu kotere kakamangotola mzere woyamba umene uli ndi mawu akuti Registrar, kapena kakamayembekeza kuti yankho likhala ndi cholembedwa chimodzi, kamasokonezeka pamene seva yabweza mndandanda. Mndandanda ukatalika kwambiri seva imaudula, ndipo tsatanetsatane wa domeni yeniyeni angathe kusatuluka n'komwe. Choipa kwambiri ndi kapulogalamu kamene kakalephera kupeza tsiku kamangokhala chete, eni ake n'kumaganiza kuti zonse zili bwino mpaka domeni itatha ntchito. Ngati muli ndi kapulogalamu kotere, konzani zinthu ziwiri: katumize funso lokhala ndi mawu otsogolera, ndiponso kakuchenjezeni nthawi iliyonse imene kalephera kupeza mzere wa Domain Name wofanana ndendende ndi dzina limene kafunsa. Musakayendetse mobwerezabwereza pa nthawi yochepa, pakuti maseva a WHOIS amaletsa kwa kanthawi adiresi imene ikufunsa mopitirira muyeso, ndipo uthenga wa chiletsowo nawonso ungathe kuwerengedwa molakwika ngati yankho.

Koma kunena zoona, amene akulemba kapulogalamu katsopano lero sayenera kumangiranso pa WHOIS. Njira imene inalowa m'malo mwake ndi RDAP, imene inalongosoledwa m'zikalata za RFC 7480 mpaka 7484 mu 2015. Bungwe la ICANN, loyang'anira mayina a pa intaneti, linalamula kuti osunga kaundula ndi makampani olembetsa mayina a mtundu wa .com, .net ndi .org akhale ndi RDAP kuyambira pa 26 August 2019, ndipo kuyambira pa 28 January 2025 RDAP ndi imene ikutengedwa kukhala gwero lenileni la zolembedwazi, pamene makampani ambiri sakukakamizidwanso kusunga WHOIS ya pa port 43. RDAP imayenda pa HTTPS ndipo imayankha mu JSON (kalembedwe kamene mapulogalamu amawerenga mosavuta), koma chimene chikutikhudza pano n'chakuti mtundu wa chimene mukufunsa umakhala mbali ya adiresi yeniyeniyo. Mukatsegula rdap.verisign.com/com/v1/domain/google.com mwafunsa za domeni, ndipo seva singakubwezereni nameserver ya munthu wina chifukwa mafunso a ma nameserver ali ndi njira yawoyawo. Amene safuna kuwerenga JSON angathe kugwiritsa ntchito tsamba la lookup.icann.org, limene limafunsa kudzera mu RDAP n'kusanja yankho kuti liwerengeke mosavuta.

Zina zooneka ngati zinyalala koma zili ndi gwero lina

Si chachilendo chilichonse chimene chimachokera kwa olembetsa ma nameserver onamizira. Mukaona mawu akuti REDACTED FOR PRIVACY pamalo pa dzina, adiresi ndi nambala ya foni ya mwini domeni, dziwani kuti zimenezi zinayamba kufala lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR la mayiko a European Union litayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, ndipo makampani ambiri anasankha kubisa zambiri za makasitomala awo onse posatengera dziko. Mukaona dzina la kampani yachilendo ndi imelo ya zilembo zosamveka pamalo pa dzina lanu, kawirikawiri imeneyo ndi ntchito yobisa mwini imene kampani yolembetsa inayatsa, ndipo mungathe kutsimikiza zimenezi mu akaunti yanu. Makampani ena olembetsa amaikanso mawu otsatsa malonda awo kumapeto kwa yankho, ndipo masamba ambiri aulere ofufuzira madomeni amasakaniza zotsatira ndi zotsatsa, mwinanso n'kuonetsa zolembedwa zakale zimene anasunga miyezi yapitayo. Pa chifukwa chimenechi musapange chisankho chachikulu potengera tsamba lotere. Funsani kaundula weniweni.

Palinso maimelo amene amabwera domeni ikangolembetsedwa kapena ikayandikira kutha ntchito, onena kuti mulipire msanga kapena kuti wina akufuna kulembetsa dzina lofanana ndi lanu. Olemba maimelowa amatola masiku ndi maadiresi m'zolembedwa zapoyera. Musadine chilichonse m'menemo. Lowani mu akaunti yanu polemba nokha adiresi ya kampani yanu yolembetsa. Samalani komabe kuti musataye pamodzi ndi zinyalalazi imelo yeniyeni yochokera ku kampaniyo yopempha kuti mutsimikize adiresi yanu ya imelo, chifukwa malinga ndi mgwirizano wa ICANN wa 2013, wosayankha pempho lotere kwa masiku 15 domeni yake ingathe kuimitsidwa.

Madomeni a mayiko, monga .mw, .zm ndi .za, ali ndi osunga kaundula awoawo amene sali pansi pa mgwirizano umene umamanga .com, choncho mawu otsogolera a seva ya Verisign sangagwire ntchito kumeneko, ndipo maonekedwe a yankho amasiyana dziko ndi dziko. Kuti mudziwe bungwe limene limasunga kaundula wa mtundu uliwonse, lembani whois -h whois.iana.org pamodzi ndi zilembo za mtunduwo, mwachitsanzo mw, ndipo IANA, imene imasunga mndandanda wa mitundu yonse ya madomeni, ikuuzani bungwelo komanso seva yoyenera kuifunsa ngati ilipo.

Kodi mayina onamizirawo angachotsedwe?

Amene amawaona koyamba amafuna kudziwa kumene angakadandaule kuti afufutidwe. Kampani yanu yolembetsa singathe kuwachotsa, chifukwa cholembedwa cha nameserver chili m'manja mwa kampani imene inachipanga, ndipo kwa amene ali pansi pa .com ndi .net imeneyo ndi kampani ya mwini domeni ya kumapeto kwa dzinalo. Ngati dzinalo lili ndi mawu oipitsa mbiri ya bungwe lanu, kapena ngati mwapeza kuti likugwiritsidwanso ntchito m'maimelo onyenga anthu kuti apereke mawu awo achinsinsi, fufuzani domeni ya kumapetoyo, tengani adiresi imene ili pa mzere wa Registrar Abuse Contact Email, n'kutumiza dandaulo lokhala ndi dzina lonse la nameserver, tsiku limene munaliona ndi zotsatira zonse monga mmene zinatulukira. Makampani ovomerezedwa ndi ICANN amayenera kukhala ndi adiresi yolandirira madandaulo otere ndi kuwafufuza, ndipo kampani ikapanda kuyankha mungathe kukadandaula ku ICANN. Dandaulo lokhudza chinyengo chenicheni limamveka msanga kuposa lokhudza dzina longonyansa, ndipo ngakhale dzina limodzi litachotsedwa, wolipangayo angathe kulembetsa lina tsiku lomwelo pansi pa domeni ina. Ngati dzinalo silikunyenga munthu aliyense ndipo likungooneka kwa amene afunsa funso losalunjika, nthawi yanu ipindula kwambiri mukaigwiritsa ntchito kukhoma domeni yanu, kuteteza akaunti yake ndi kusamutsa timapulogalamu tanu kuti tiziyendera RDAP.